Galimoto ya Golide Yomwe Inatuluka M'mabokosi

Inu amakanika a pa boma la Chadiza, amene mumadzutsa ma Canter ndi ma Corolla omwe eni ake anawataya kale mtima, sendezani mipando, nkhani iyi ndi yanu.

Mu 1954 kampani ya General Motors inaonetsa ku New York galimoto yotchedwa Oldsmobile F-88. Inali ya anthu awiri basi, denga lake lochita kupinda, bodi ya fibreglass yopakidwa utoto wa golide, pansi pa boneti pali injini ya V8 ya mphamvu za mahatchi 250. Anthu anaima kukamwa yasa. Koma sinalowe m'sitolo. Ankaipangira chionetsero chokha, ndipo lamulo la kampaniyo linali lakuti zoterezi zikatha ntchito aziphwanya.

Iyi inapulumuka mochita kuzemba. Mbiri yake imati Harley Earl, mkulu wa ojambula magalimoto pa kampanipo, anaitumiza ili zidutswazidutswa m'mabokosi kwa E. L. Cord, munthu wachuma amene kale ankapanga magalimoto a Auburn ndi Duesenberg. Taganizani: chitseko uku, bampala uko, magetsi m'bokosi lina, mapulani ali pamapepala. Mabokosiwo anayenda m'manja mwa anthu angapo kwa zaka zambiri, fumbi lili mbuu, wina kugula, kusuzumiramo, n'kugulitsanso.

Kenaka anapezeka amisiri ouma mutu, ngati enanu amene simugona mpaka injini italira. Analumikiza chidutswa ndi chidutswa, kupala, kupaka, kupukuta. Eee, itatuluka m'galajamo! Kukamwa kwake kotambalala kutsogoloku kuli ngwee, golide uja ali waliwali, magetsi akumbuyo osongoka, denga litapindidwa kuti wokwera amve mphepo kumaso. Kunena zoona, mtima wanga umadumphadumpha ndikaona zithunzi zake, chifukwa palibe F-88 ina yodziwika yomwe inatsala padziko pano.

Mu Januwale 2005 anaiika pa okushoni ya Barrett-Jackson ku Scottsdale, m'chigawo cha Arizona. Mitengo inakwera, anthu akukuwa, mpaka inagulidwa pa madola 3.24 miliyoni. Anaigula John Hendricks, amene anayambitsa wailesi yakanema ya Discovery Channel, ndipo anapita nayo ku Gateway, ku Colorado, komwe anaiika m'nyumba yake yoonetsera magalimoto akale kuti aliyense aziiona.