Burashi, Canva ndi AI: ntchito ya dizaini yatsala m'manja mwa ndani?

Mukamadutsa pamsika wa Ndirande kapena ku Area 25, tayang'anani makoma a mashopu. Mupeza zikwangwani za mitundu iwiri. Zina ndi za penti, zolembedwa ndi dzanja pakhoma penipeni: mutu wometedwa bwino pakhomo la ometa tsitsi, nkhuku yonenepa kuposa nkhuku iliyonse yomwe munaionapo, zilembo zomapeto zopanikizana chifukwa wolembayo malo anamuthera. Zina ndi ma banner apulasitiki osindikizidwa ndi makina, owala psuu, okhala ndi nkhope ya mnyamata wa ku America yemwe sanapondepo ku Ndirande.

Pakati pa zikwangwani ziwirizi pali nkhani ya ntchito yomwe yasintha kangapo m'zaka makumi anayi zapitazi, ndipo nthawi iliyonse ikasintha pamakhala wina wotaya mkate.

Ine ndinaidziwa bwino nkhaniyi chaka chatha pa chinkhoswe cha achemwali anga. Pamsonkhano wa komiti atafika pa makadi, ndinaimika dzanja n'kunena kuti asataye ndalama, ndipanga ndekha pafoni. Ndinatsegula Canva, ndinasankha template ya maluwa, ndinaika chithunzi cha awiriwo, ola limodzi lisanathe ntchito yatha. Pagulu la WhatsApp aliyense anaombera m'manja. Tsoka linaoneka kosindikiza. Mtundu wobiriwira womwe achemwali anasankha kuti ugwirizane ndi nsalu unatuluka wakuda ngati masamba a chisoso ophikitsa, nkhope za akwati zinali mbuu, ndipo makina odulira anadya chilembo chomaliza cha dzina la alamu.

Mkulu yemwe amakhala pakompyuta pashopupo sanandiseke. Anandifunsa mafunso atatu okha, ndipo onse ndinalephera. Anakonza kadiyo m'mphindi makumi awiri, tinamulipira ndalama yomwe ndinkati ndikupulumutsa ija, kuonjezapo ya mapepala oonongeka.

Kuti timvetse zomwe mkuluyo amadziwa, tibwerere kumbuyo pang'ono. Kompyuta isanabwere, kukonza tsamba la nyuzipepala kapena chilengezo cha malonda inali ntchito ya manja. Mawu ankasindikizidwa pamapepala ataliatali, wokonza tsamba n'kumadula ndi mpeni, kumata ndi guluu pa bolodi, kenako bolodiyo n'kuijambula ndi kamera yaikulu. Mawu oti cut ndi paste omwe mumadina pafoni tsiku lililonse anachokera pamenepo, kunali kudula ndi kumata kwenikweni. Wofuna mutu wa zilembo zokongola ankagula mapepala a Letraset, n'kumakhutiza chilembo chimodzichimodzi mpaka chimatirire. Mukalakwitsa liwu limodzi, muyambirenso.

Zinthu zinatembenuka mu 1984 ndi 1985. Kampani ya Apple inatulutsa kompyuta ya Macintosh ndi pulinta ya LaserWriter, Adobe inabweretsa PostScript, njira yomwe kompyuta imauzira pulinta maonekedwe a tsamba, ndipo kampani ya Aldus inatulutsa pulogalamu ya PageMaker. Ntchito yomwe inkafuna anthu angapo ndi chipinda chodzadza zipangizo inakwana patebulo limodzi. CorelDRAW inatuluka ku Canada mu 1989, Photoshop mu 1990. Ku America ndi ku Ulaya, amisiri osanja zilembo, omwe luso lawo ankaliphunzira zaka zambiri, ntchito inawathera m'kanthawi kochepa.

Kuno kwathu mphepoyo inafika mochedwerako, koma inafika. Mashopu osindikiza ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu atagula makina akuluakulu a ma banner, mwini golosale anayamba kuwerengera: kudikira mmisiri wa burashi masiku atatu, kapena kulandira banner mawa lake ili ndi zithunzi zenizeni za katundu. Ambiri anasankha banner. Mfumu yatsopano inakhala mnyamata wodziwa CorelDRAW, yemwe mpaka lero mumupeza m'mashopu ambiri osindikiza, foni pakhutu, makasitomala atatu ataima kumbuyo kwake aliyense akuloza sikirini.

Ufumu wakewo sunachedwe kugwedezeka. Mu 2013 ku Australia, Melanie Perkins, Cliff Obrecht ndi Cameron Adams anakhazikitsa Canva. Perkins ankaphunzitsa anzake a ku yunivesite mapulogalamu a dizaini, ndipo anaona kuti ankatha nthawi yaitali akungophunzira komwe kuli mabatani. Canva inachotsa vuto limenelo. Simuyamba ndi tsamba loyera, mumayamba ndi chinthu chokongola kale, inu n'kungosintha mawu. Mukaonjeza mapulogalamu a pafoni monga PixelLab ndi PicsArt, ndiye kuti aliyense wokhala ndi bandulo ndi dizaina. Wogulitsa kaunjika amapanga yekha chilengezo cha belo latsopano. Mlembi wa kwaya amapanga yekha poster ya paulendo. Ngakhale uthenga wa maliro masiku ano umabwera ndi kandulo ndi nkhunda zoyera.

Ndisaname, izi ndi zabwino. Mayi wogulitsa mandasi sakanakwanitsa kulipira dizaina, pano ali ndi chikwangwani chake pa status. Achinyamata ambiri omwe lero akudya za dizaini anayambira pafoni yosweka galasi, akuphunzira pa YouTube usiku bandulo ikatsika mtengo. Chitseko chomwe kale chinkafuna kompyuta ndi sukulu chinatseguka.

Koma chitseko chikatseguka kwa aliyense, mtengo umagwa. Funsani dizaina aliyense mawu omwe amamutopetsa, akuuzani omwewa: "Aise, ingondipangirako ka flyer, sikovuta, ndikuponyera ya data." Ka "ka" kameneko ndiye kamapha. Kasitomala amaona kuti chinthu chomwe mwana wake angapange pafoni sichingakhale cha ndalama zambiri, ndipo dizaina akatchula mtengo wake amaoneka ngati wakuba.

Pomwe mtengo wa ntchito ukutsika, mtengo wa zida ukukwera. Mu 2013 momwemo Adobe inasiya kugulitsa mapulogalamu ake atsopano mogula kamodzi, inayamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi. Malipirowo ndi a ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bilu ya dizaina wa ku Zomba inakwera usiku umodzi iye asanapeze kasitomala watsopano ndi mmodzi yemwe, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja, ngakhale kungolipira pa intaneti ndi khadi la kubanki ndi nkhondo ina. N'chifukwa chake si chinsinsi kuti makompyuta ambiri ali ndi mapulogalamu othyola, omwe nthawi zina amabwera ndi ma virus n'kumeza ntchito ya kasitomala. Njira zaulere zilipo, GIMP ndi Inkscape zakhalapo zaka zambiri, ndipo Affinity, yomwe Canva inagula mu 2024, pano ikupezeka mwaulere. Vuto ndi loti shopu yosindikiza ikazolowera mtundu umodzi wa fayilo, imafuna womwewo.

Tsopano tibwerere ku mafunso atatu aja, chifukwa ndi pomwe pagona ntchito yeniyeni.

Loyamba linali la mitundu. Sikirini ya foni imapanga mitundu ndi kuwala, posakaniza kufiira, kubiriwira ndi buluu, zomwe amati RGB. Pulinta ilibe kuwala, ili ndi inki zinayi za CMYK. Pali mitundu ina yowala yomwe foni imaonetsa koma inki siingaitulutse, ndipo wobiriwira wa achemwali unali umodzi mwa imeneyo. Dizaina wodziwa amasankha mtundu akuganiza za pepala.

Lachiwiri linali la chithunzi. Ndinachitenga pa WhatsApp, ndipo WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye data. Pafoni chimaoneka bwinobwino, koma kusindikiza koyera kumafuna timadontho pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Chinafunika kutumizidwa ngati document kuchokera kwa wojambula. Nkhani yomweyi ndi imene imavutitsa ma logo. Logo yopangidwa ngati chithunzi wamba mukaikulitsa kuti ikwane pa chikwangwani cha pamsewu imasweka n'kukhala timabokosi. Yopangidwa ngati vector, kutanthauza mizere yomwe kompyuta imawerengera ndi masamu, mungaiike pa cholembera kapena pa thupi la basi osasintha.

Lachitatu linali la m'mphepete. Makina odulira mapepala salondola ndendende, choncho dizaina amasefukiritsa mtundu mamilimita atatu kunja kwa mzere wodulira, ndipo mawu amawasunthira mkati. Ine dzina la alamu ndinaliika kumapeto kwenikweni chifukwa pafoni zinkaoneka bwino.

Palibe chilichonse mwa zitatuzi chomwe chili chinsinsi. Koma template siikufunsani, imangokupatsani chokongola.

Ndiye kwabwera AI. Kuyambira mu 2022, pomwe Midjourney ndi DALL-E 2 zinatchuka, munthu amangolemba zomwe akufuna chithunzi n'kutuluka, ndipo ChatGPT pano imapanga poster yathunthu ndi mawu omwe. Apa mantha a madizaina ndi omveka, ndipo sindiwauza kuti asade nkhawa. Ntchito zing'onozing'ono zomwe zinkalipira lendi, monga kuchotsa zakumbuyo kwa chithunzi, flyer ya phwando, chikuto cha nyimbo yatsopano, zambiri zipita ndithu, zina zapita kale. Woyamba kumene ntchito ndiye ali pamoto kwambiri, chifukwa timaganyu timeneti ndi tomwe munthu ankaphunzirirapo.

Komabe tayesani kuiuza AI kuti ikujambulireni banja la ku Malawi likudya nsima. Ine nditayesa, nsima inatuluka ngati mpira wosalala, amayi atavala nsalu ndi duku la ku West Africa, ndipo pakhomo panali mitengo yomwe sindinaionepo kwathu. Pa Chichewa ndiye pamafunika diso lakuthwa. Ka chizindikiro ka pa ng' kakasowa, ng'ombe imasanduka ngombe. Chilembo cha ŵ, chomwe ena amalemba m'mawu monga Malaŵi, ma font ambiri okongoletsa alibe, ndiye pamalo pake pamatuluka kabokosi. Mawu a Chichewa ndi aatali, liwu limodzi loti "sindidzakuiwalani" limanyamula zomwe Chingerezi chimanena ndi mawu asanu, choncho template yokonzedwera mawu afupiafupi imaphulika. Wosadziwa amalidula paliponse, kapena kulifinya mpaka agogo sangaliwerenge.

Palinso nkhani ya umwini yomwe ambiri timaiponda. Nkhope za oimba akunja pa ma banner aja, zithunzi zotola pa Google, ma font otsitsa mwachinyengo, zonsezi zili ndi eni ake. Dziko lino lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016 komanso bungwe la COSOMA, ndipo lamulolo limateteza zojambula, osati nyimbo zokha. Limatetezanso dizaina yemwe ntchito yake yatengedwa n'kufufutidwa dzina. Ndipo logo ya pa template ili ndi vuto lake: wina ku Karonga akhoza kusankha yomweyo, ndipo Canva imanena yokha kuti logo yochokera pa template zake simungailembetse ngati chizindikiro chanuchanu cha malonda.

Mmene ndikuonera ine, madizaina omwe akupulumuka ndi omwe asiya kugulitsa kudina mabatani. Amafunsa kuti chikwangwanichi chikaikidwa pati, owerenga adzakhala pansi kapena m'minibasi yothamanga, ndipo amalimba mtima kuuza kasitomala kuti manambala a foni anayi ndi vesi la m'Baibulo sizingakwane pa banner imodzi. AI ndi Canva amazigwiritsa ntchito iwonso, poyesa maganizo khumi m'mphindi zochepa asanasankhe amodzi. Ambiri aphunziranso makanema afupiafupi, poti kasitomala wa lero akufuna za TikTok ndi status, zapakhoma zimabwera pambuyo.

Nanga mmisiri wa burashi uja? Sanatheretu. Banner ikakhala padzuwa ndi pamvula imafwifwa n'kung'ambika, ndipo eni mashopu ena atagula kawiri katatu abwerera ku penti. Ku Ghana, ma poster a mafilimu omwe amisiri ankajambula pa matumba a ufa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 pano akugulidwa ndi osunga zaluso kunja. Kwathu kuno mmisiri wotere mumupeza pa makwerero pasukulu ya pulayimale, akujambula mapu a Malawi ndi ziwalo za thupi pakhoma la kalasi, kapena pamsewu akulemba dzina ndi kulemera kwa lole pachitseko chake, ndudu ya choko ili kukhutu.