Mitembo ndi fungo madzi akasefukira ku Marka

Madzi a Shire akayamba kuphwa ku Marka, kumalire a Nsanje ndi Mozambique, m'mabango ndi m'minda mumatsala ziweto zakufa, nthawi zina ndi mitembo ya anthu. Chigwa cha Shire chinaona zimenezi mu Januwale 2015 komanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Kuderali kumatentha kwambiri, choncho thupi limawola msanga, ndipo fungo likamveka anthu amaopa mliri n'kufuna kukwirira mwaphuma.

Fungo limanyansa, koma silifalitsa matenda. Kafukufuku wa Oliver Morgan wa mu 2004 anaonetsa kuti mitembo ya anthu ofa pa ngozi zachilengedwe siyambitsa mliri: munthu womira wafa ndi madzi, osati matenda. Amene ali pachiopsezo ndi onyamula mitembo, chifukwa cha magazi ndi chimbudzi chotuluka m'thupi. Iwo avale magolovesi ndi nsapato za jombo, asambe m'manja ndi sopo akamaliza. Chophimba mphuno chimangothandiza kupirira fungo. Kuthira laimu sikuthandiza, ndipo ayezi amasungunuka n'kusiya madzi oipa. Chochepetsa fungo ndi kukulunga thupi mu pulasitiki, kuliika pamthunzi, ndi kukwirira ziweto zakufa kutali ndi zitsime.

Kolera ndi nkhani ina, ndipo Nsanje imaidziwa bwino. Thupi la womwalira ndi kolera limatsukidwa ndi kolorini wa 2 peresenti, m'kamwa ndi kumatako n'kutsekamo thonje loviikidwa m'mankhwalawo. Osambitsa maliro asagwire chakudya cha pamaliropo.

Choopsa chenicheni cha phuma ndi kutaya dzina la munthu. Buku la malangizo la WHO, PAHO ndi Red Cross limati kumalo otentha nkhope imatha kusazindikirika pakangopita maola 12 mpaka 48. Wodzipereka ajambule thupi ndi foni lisanasinthe, alipatse nambala, alembe malo, zovala ndi zipsera, adziwitse apolisi ndi mfumu. Ku Marka izi n'zofunika kwambiri, chifukwa mtsinje sudziwa malire: thupi lopezeka kumeneko lingakhale la kumtunda kapena la kutsidya.

Ngati abale sanapezeke, adzukulu akumbe manda ongoyembekezera akuya mita 1.5, aliyense payekha ndi nambala yake, pamtunda, mamita 200 kapena kuposa kuchokera pa chitsime kapena mjigo.