KANGAL: GALU WA KU TURKEY AMENE AMAGONA M'KHOLA NDI MBUZI

MUNTHU ali yense amene anawetapo mbuzi adziwa kuwawa kwa kudzuka m'mamawa ndi kupeza khola litathyoledwa, magazi ali pansi, mapazi a fisi atalunjika kuchire. Kwa mlimi wa kumudzi mbuzi imodzi ndiyo thumba la feteleza, ndiyo yunifomu ya mwana, ndiyonso ndiwo za pa maliro. Cifukwa ca mkwiyo ambiri amathamangira kuchera msampha kapena kuika mankhwala akupha m'nyama yotsala, ndipo mankhwalawo amatha miimba, ankhandwe ndi agalu a eni ake omwe, fisi mwini mlandu ali kuseka kuphiri. Abusa a dziko la Turkey anapeza njira yao kale lomwe, ndipo njirayo ndi galu wamkulu wochedwa Kangal, amene tsopano ali kugwira nchito m'makola a maiko oyandikana nafe.

Dzina limeneli linacokera ku kamzinda ka Kangal, m'cigawo ca Sivas, pakati pa dziko la Turkey. Kumeneko ndi kumtunda, kopanda mitengo yambiri, kotentha m'cilimwe ndi kozizira koopsa m'nyengo ya cisanu, ndipo mdani wa nkhosa ndi mmbulu. Galuyu ali ndi ubweya waufupi koma wothithikana, wa maonekedwe a udzu wouma, kukamwa ndi makutu kuli bii, cifukwa cake abusa amamuchanso Karabaş, ndiko kunena kuti wa mutu wakuda. Mcira amaupinda pamsana akakhala cheru. Malinga ndi muyeso wa bungwe la FCI, limene limasunga kaundula wa mitundu ya agalu m'maiko ambiri, wamphongo amatalika masentimita 72 kufikira 78 pa phewa ndi kulemera makilogalamu 48 kufikira 60, pamene wamkazi amalemera makilogalamu 40 kufikira 50. Tinene kuti galu mmodzi ndi thumba lathunthu la cimanga. Bungwe lomweli m'caka ca 2018 linaleka dzina la Anatolian Shepherd ndi kulemba la Kangal, koma ku America ndi kum'mwera kwa Africa maina onse awiri akali kumveka, ndipo wofuna kugula asadabwe akamva onsewo. Anthu a ku Turkey amamunyadira galuyu kotero kuti cithunzi cake anaciika pa masitampa, ndipo boma lao sililola kuti atulutsidwe m'dziko mwacisawawa. Ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene iye ali wosowa ndi wokwera mtengo.

SAYENDETSA ZIWETO

Pano awerengi amvetse bwino. Kangal si galu wosaka, ndiponso si galu wokusa ziweto monga aja timaona pa zithunzi ali kuzungulira nkhosa mbuye wao ataimba mluzu. Iye amayenda pakati pa mbuzi pang'onopang'ono, mutu uli pansi, ngati mbuzi inzao. Zikagona pamthunzi nayenso amagona, makamaka pa culu kapena pamalo okwera pamene angaone patali, ndipo mlendo angaganize kuti ndi galu waulesi. Koma cirombo cikayandikira amadzuka ndi kuima pakati pa ico ndi ziweto, nauwa ndi mau akuya amene amamveka kutali. Kawirikawiri nkhondo imathera pomwepo. Cirombo cimene cimadya mwa kuzemba cikaona kuti cadziwika cimabwerera, pakuti nyama ya kuchire ikavulala mwendo palibe amene angaisakire cakudya. Cikaumirira ndi pamene galu amacithamangira ndi kucigunda ndi cifuwa. Abusa a ku Turkey amaveka agalu ao mkombero wa zitsulo zosongoka m'khosi kuti mmbulu usapeze pogwira.

Raymond Coppinger ndi mkazi wake Lorna, amene anaphunzira za agalu otere pa Hampshire College ku America kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anaphunzitsa kuti galu wolonda ziweto ayesedwe pa zinthu zitatu: kukhala nazo nthawi zonse, kusazivulaza, ndi kuzichinjiriza. Ambiri pogula amangofunsa za cacitatu. Komatu galu waukali amene masana amasiya mbuzi kubusa ndi kukagona kukhichini alibe phindu, pakuti cirombo cimafika iye kulibe.

ZIMENE ZINACITIKA KU NAMIBIA

Dziko la Namibia liri ndi akakwiyo ambiri, nyama zija zamawanga zofanana ndi kambuku koma zoonda, zimene zimathamanga kuposa nyama zonse za pamtunda. Kuno kwathu zikali kupezeka ku Kafue ndi ku Liuwa. Ku Namibia ambiri a iwo amakhala m'mafamu, kunja kwa malo osungira nyama, ndipo m'zaka za m'ma 1980 alimi anapha ndi kugwira zikwi zingapo poteteza ziweto. Mai Laurie Marker, amene anayambitsa bungwe la Cheetah Conservation Fund m'caka ca 1990, anaona kuti kulalikira mlimi za kukoma kwa kakwiyo pamene mbuzi zake ziri kutha ndi kutaya nthawi cabe. Motero m'caka ca 1994 bungweli linaitanitsa agalu a mtundu umenewu kucokera ku America ndi kuyamba kuwaswetsa pa famu yake pafupi ndi Otjiwarongo. Kuyambira pamenepo lagawira alimi agalu opitirira 600.

Lipoti limene linasindikizidwa m'caka ca 2005 linaonetsa kuti mwa alimi 100 ali onse amene anayankha mafunso, 73 ananena kuti ziweto zogwidwa ndi zirombo zinacepa kwambiri cilandirire galu. Nzeruyi inafalikira ku South Africa kudzera m'bungwe la Cheetah Outreach, ndipo m'caka ca 2013 ana a agalu anatumizidwa kwa abusa okhala m'mbali mwa Ruaha ku Tanzania. Koma a ku Namibia sanabise zovuta. Agalu ambiri anafa asanakalambe: ena analumidwa ndi njoka, ena anagundidwa ndi galimoto kapena kudya mankhwala akupha, ndipo ena anaphedwa ndi eni ao cifukwa ca makhalidwe oipa amene akanakonzeka akali ang'ono.

KULERA KWAKE

M'mera mpoyamba. Cinsinsi conse ca galu uyu cagona pa miyezi inai yoyambirira. Mwana wa galu amaikidwa m'khola ali ndi masabata ngati 8, pamodzi ndi tiana ta mbuzi, kuti fungo ndi kulira kwa mbuzi zikhale za pa mtundu wake. Amupangire kamalo kothawirako pakona, pakuti mbuzi yoyamwitsa imagunda kosayang'ana nkhope. Cakudya ndi madzi alandirire m'khola momwemo. Cobvuta kwambiri pamudzi ndi ana athu, amene akaona kagalu konenepa amafuna kukanyamula ndi kusewera nako pabwalo; kakazolowera bwalo ndi fungo la ndiwo, sikadzabwereranso ku mbuzi ndi mtima wonse. Kumbali ina, kagalu kasaleredwe monga cirombo. Mwini wake azikagwira tsiku ndi tsiku kwa kanthawi, kukayang'ana m'makutu ndi m'mapazi, ndi kukazoloweza cingwe, cifukwa tsiku lidzafika lofuna kubaya katemera galu wa makilogalamu 50.

Pa miyezi itatu kapena inai amayamba kupita kubusa pamodzi ndi mbusa, kufupi poyamba. Nthawi ya mabvuto ndi kuyambira miyezi 6 kufikira caka ndi theka, pamene thupi lakula koma nzeru zikali zacibwana. Amathamangitsa tiana ta mbuzi, kutiluma makutu mosewera, mwinanso kutsata agwape ndi njiri. Mbusa amudzudzule pomwepo ndi mau amphamvu. Kumumenya madzulo pa colakwa ca m'mawa kumangomuphunzitsa kuopa munthu. Amakhwima ndithu akafika zaka ziwiri. Ndiye amene afuna mlonda wa usiku uno asagule mwana wa Kangal.

Za cakudya, abusa a ku Turkey amaphikira agalu ao phala la ufa wa barele, limene amalicha yal, nathiramo mkaka kapena madzi otsala popanga chizi. Kwa ife phala la mgaiwa lingalowe m'malo mwake, koma nsima yokha siingamange mafupa a galu wa msinkhu uwu: pafunika mkaka, mazira, kapenta kapena nyama yophika, makamaka m'caka coyamba. Ndi bwino kumpatsa kawiri pa tsiku kusiyana ndi mbale imodzi yaikulu, pakuti agalu a cifuwa cakuya nthawi zina cifu cimawatupa ndi kupotoka, ndipo amafa m'maola ocepa. Galu wanjala amasiya ziweto ndi kukasaka. Cinthu cimodzi cimene alimi ambiri sacidziwa ndi ici: galu asapatsidwe mutu wa mbuzi kapena wa nkhosa wosaphika, ngakhale zam'kati zaziwisi. M'menemo mumakhala mbewu za njoka za m'mimba zimene zimakulira mwa galu, mazira ake nagwera pa msipu, ndipo mbuzi ikawadya imamera cithuza ca madzi mu ubongo ndi kuyamba kuzungulira monga yoledzera kufikira itafa. Mlonda wosamwetsedwa mankhwala a njoka pa miyezi itatu iri yonse angaphe mbuzi zambiri kuposa fisi.

Katemera wa ciwewe amabayidwa pa miyezi itatu ndi kubwerezedwa monga alangizira a dipatimenti ya ziweto. Limeneli ndi lamulo kwa galu ali yense. Palinso katemera wa parvo ndi distemper, matenda amene amasesa ana a agalu. Nkhupakupa zimabweretsa nthenda yotha magazi, imene imadziwika ndi nkhama zoyera ndi kufooka. Ndipo okhala kufupi ndi cigwa ca Luangwa akumbukire kuti kashembe amadwalitsa agalu monga momwe acitira ndi ng'ombe.

POGULA NDI POSWETSA

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Galu wamkulu wakuda kukamwa si Kangal nthawi zonse, ndipo pa intaneti pali ambiri oonetsa zithunzi zokongola amene amafuna ndalama wogula asanaone kanthu. Wogula wanzeru amapita yekha kukaona make ndi atate wa kagaluko, ndipo koposa mapepala amafunsa ngati makolowo amagwiradi nchito pakati pa ziweto. Afunse khadi la katemera, afunsenso ngati ziuno za makolo zinajambulidwa ndi dotolo, pakuti kulemala kwa mfundo za m'ciuno kumayenda m'magazi mwa agalu akuluakulu ndipo kumaonekera ndalama zitapita kale. Posankha, asatenge kamene kamathamangira munthu ali yense, kapena kamantha kobisala pakona. Atenge kodekha, kamene kamayang'ana cinthu cacilendo kasanasunthe. Ena amatamanda agalu ao kuti ndi aakulu kuposa onse ndi oluma kuposa onse. Amenewo amaswetsa agalu ocititsa kaso kapena omenyanitsa, ndipo galu wolemera mopitirira sangayende tsiku lonse padzuwa ndi mbuzi. Wotenga galu kunja kwa dziko ayambe wapeza cilolezo ku dipatimenti ya ziweto galuyo asanafike pa malire.

Kuswetsa nkofuna kuleza mtima. Wamkazi asakweredwe asanakwane zaka ziwiri. Bere limatenga masiku ngati 63, ndipo ana amabadwa asanu kufikira khumi. Aswere m'khola kapena pafupi nalo kuti ana akatsegula maso ayambe kuona mbuzi. Popeza agaluwa ndi owerengeka m'dera lathu lino, ciyeso cokweretsa pacibale ndi cacikulu, ndipo zotsatira zake ndi ana ofooka ndi olemala. Ku Namibia ana opita kwa alimi amafulidwa kapena kutsekedwa asanacoke, cifukwa wamphongo wosafula akamva fungo la wamkazi kumudzi wina amasiya ziweto usiku wonse, ndiponso ana a Kangal ndi galu wosaka amatenga thupi la uyu ndi mtima wa uyo, cimene ciri coopsa m'khola.

KODI ATIYENERA?

Pa famu ya mpanda, ya mbuzi kapena nkhosa zambiri, pamene ankhandwe, akambuku ndi akuba abvutitsa, galu uyu angabweze mtengo wake. Pamudzi pamene ziweto za mabanja khumi zimadyera dambo limodzi, ana a sukulu ndi amai a kumadzi nadutsa pakati pake, nkhani ndi ina. Kangal amayesa dambo lonselo ngati lake, amapha agalu a anansi, ndipo mwini wake angapezeke pabwalo la amfumu kawirikawiri. Kumuika pa unyolo kuseri kwa nyumba m'komboni ndi nkhanza, ndiponso ndi ngozi. Kwa mkango sangalimbe. Cimene angacite ndi kudzutsa anthu. Ngakhale kwa afisi oyenda ambiri, galu mmodzi afunika khola lolimba kumbuyo kwake.

Nkhani ya ku Botswana ndi yoyenera kuiganizira. Kumeneko bungwe la Cheetah Conservation Botswana limagwiritsa nchito agalu wamba a m'midzi, amene amawacha a Citswana. Amawaika m'khola akali ang'ono, kuwabaya katemera, kuwafula ndi kuwalera mwa njira yomwe tafotokozayi. Agaluwo ndi ocepa thupi ndipo sangagwetse cirombo, koma amapirira dzuwa ndi nkhupakupa, amadya pang'ono, ndipo amauwa nthawi yake. Mlimi wa ku Petauke kapena ku Lundazi amene ali ndi mbuzi makumi awiri angayambe ndi kagalu ka pamudzi pomwepo mwezi uno, atapita nako kwa mlangizi wa ziweto kukabayitsa, ndi kuuza ana a pakhomo kuti kameneko nka mbuzi, asakanyamule.