MOTO WOPANDA UTSI NDI MAFUWA ACE ATATU

Ana inu, ena a inu muli ndi abale okhala mu mzinda wa Lilongwe, kaya ku Kawale, kaya ku Biwi, kaya ku Chinsapo, kaya ku Area 36, dera la kum'mwera kwa mzindawo, pafupi ndi mseu waukuru wopita ku Dedza ndi ku Blantyre. Mukadzapita kukaceza ku Area 36, mudzalawire mamawa ndi kuima m'mbali mwa mseu. Mudzaona amuna alikukankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala, thukuta liri kamukamu, pakuti ena a iwo ayenda usiku wonse. Ndipo dzuwa lisanakwere makalawo ayamba kuyaka m'mbaula pa makomo a anthu, kuti ana amwe phala asanapite kusukulu.

Kodi makala amenewa acokera kuti? Ambiri acokera ku nkhalango ya Dzalanyama, m'malire a dziko lathu ndi dziko la Mozambique. M'mapiri a nkhalango yomweyo ndimo muyambira mtsinje wa Lilongwe. Madzi ace asungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo ndiwo madzi amene anthu a mu mzinda amwa. Tsono mitengo ikatha paphiri, mvula igwa pa nthaka yopanda cobvala, nikokolola dothi, nilitsira m'damu. Ndipo m'cilimwe akasupe aphwa msanga. Cotero munthu wa ku Area 36 pogula thumba la makala acepetsa madzi a m'mtsuko mwace osadziwa.

M'caka ca 2015 boma linatumiza asilikali kukalonda nkhalangoyo. Koma msilikali sangathe kuletsa mai kuphikira ana ace nsima, ndipo woocha makala nayenso afuna ndarama zogulira mcere ndi zobvala za ana ace. Cifukwa cace anthu anzeru anati, Tifune moto wina, wosadya mitengo ndi wosacita utsi.

Magetsi a mu Shire

Moto wotere ulipo, ndiwo magetsi. Magetsi ambiri a dziko lathu apangidwa ndi mphamvu ya madzi a mtsinje wa Shire, pa mathithi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Makina oyamba a pa Nkula anayamba nchito m'caka ca 1966. Kucokera kumeneko magetsi ayenda m'mawaya mtunda wautali kufikira ku Lilongwe. Koma mawayawo sanafike paliponse. Pa kalembera wa m'caka ca 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 alionse, mabanja ngati 11 okha ndiwo anali kuunikira nyumba zao ndi magetsi, ndi kuti mabanja oposa 70 anali kuphikira nkhuni. Ndiponso cimene cidalira mtsinje umodzi cigwa pamodzi ndi mtsinjewo. M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wochedwa Ana anagumula damu la pa Kapichira, ndipo kwa miyezi yambiri mizinda inakhala mumdima kawirikawiri, kufikira makinawo anakonzedwa m'caka ca 2023.

Pa cifukwa cimeneci anthu a m'midzi ina sanakhale manja lende kudikira mawaya a kutali. Anadzipangira magetsi kwao komweko, ena ndi madzi a kamtsinje ka kumudzi kwao, ena ndi dzuwa. Tiyeni tione umo anacitira.

Za anthu a kwa Bondo

M'tsinde mwa phiri la Mulanje muli mudzi wa Bondo, ndipo pafupi pace patsika mtsinje wa Lichenya, wa madzi ozizira ndi othamanga. Kale anthu a kumeneko anali kuunikira koloboyi ndi makandulo, ndipo pa cipatala cao cacing'ono anamwino anali kuthandiza amai ocira usiku ndi kuunika kocepa ndithu.

Tsono bungwe losamala phirilo, la Mulanje Mountain Conservation Trust, linapangana ndi bungwe lina la ku Britain, la Practical Action, lodziwa za makina oyenera midzi. Abwenzi a maiko a ku Ulaya anathandizapo ndi ndarama. Ndipo eni mudzi anabwera ndi makasu ao ndi mitu yao: anakumba ngalande m'mbali mwa phiri, natuta mcenga ndi miyala, nanyamula katundu kumalo kumene galimoto silingafike.

Makina ace agwira nchito motere. Pamwamba achinga mtsinje pang'ono, napatutsa madzi ena kuti alowe m'ngalande. Ngalandeyo iwatengera pa malo okwera, pamene alowa mu mpope waukuru wotsetsereka. Potsika mu mpopemo madzi akhala ndi mphamvu yaikuru, nakagunda gudumu lacitsulo la mapiko ambiri, ndipo gudumulo lizungulira msanga msanga. Amene mwaona nyali ya njinga mudziwa kuti kadainamo kakakhudza tayala lozungulira, nyali iyaka. Momwemonso gudumu lija lizungulitsa dainamo yaikuru, ndipo magetsi aturuka nalowa m'mawaya. Madziwo akatha nchito yace abwerera mu mtsinje osacepa ndi osada, kotero kuti amai a kumunsi atunga monga kale.

M'caka ca 2013 anakhazikitsa bungwe loyang'anira nchitoyi, lochedwa MEGA, ndipo ilo linakhala loyamba m'Malawi kulandira cilolezo ca boma ca kupanga ndi kugulitsa magetsi a m'mudzi mwa njira yotere. Magetsi analowa m'cipatala, m'masukulu, m'masitolo ndi m'nyumba za anthu. Mankhwala a katemera anayamba kusungidwa pozizira, cigayo cinalira pafupi, ndipo ana anawerenga mabuku ao dzuwa litalowa. Nyumba iriyonse inalipira magetsi ace pa mita, kuti papezeke ndarama za kukonzera makina ndi kulipira anchito. Ndipo anthuwo anazindikira kuti mitengo ya paphiri ikatha, Lichenya adzacepa, ndi nyali zao zidzazima. Cotero nkhalango inasanduka cuma cao ca iwo eni.

Za Sitolo ndi Mthembanji

Si midzi yonse iri ndi mathithi, koma dzuwa liwalira yonse. Sola ndi cinthu caphanthiphanthi cagalasi, cakuda mobiriwira, cimene cisandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi, popanda gudumu kapena phokoso. Magetsi a usana awasunga m'mabatire, monga tisunga cimanga m'nkhokwe, kuti agwire nchito usiku.

Kwa Sitolo, m'boma la Mchinji, bungwe la Amalawi lochedwa Community Energy Malawi linagwirizana ndi boma ndi nthambi ya citukuko ya bungwe la maiko onse, ya UNDP, naimika masola ambiri pa malo amodzi, a mphamvu ya makilowati 80. Magetsi ace anayamba kuyaka m'caka ca 2019, nafika m'nyumba, pasukulu ndi pa malo a malonda.

Kwa Mthembanji, m'boma la Dedza, anaimika masola ocepa, a makilowati 12, m'caka ca 2020, othandiza nyumba ndi masitolo ngati 60. Pamenepo anagwirizana a bungwe la United Purpose ndi aphunzitsi a sukulu ya ukacenjede ya Strathclyde, ya mu mzinda wa Glasgow ku Scotland, ndipo ndarama zinacokera ku boma la Scotland. Sukulu imeneyi inaphuka pa sukulu yakale imene David Livingstone anaphunzirapo za mankhwala asanadze ku Africa. Ndipo anasankha anthu a m'mudzi momwemo, nawaphunzitsa kusamala makina ndi kulandira ndarama za ogula magetsi.

Mafuwa atatu

Mukayang'ana bwino midzi itatuyi mudzaona cinthu cimodzi. Mphika sukhazikika pa fuwa limodzi kapena awiri. Ufuna mafuwa atatu. Momwemonso moto wopanda utsi.

Fuwa loyamba ndilo eni mudzi. Iwo ndiwo akhala pansi pamodzi ndi mfumu yao, napangana za malo, nagwira nchito ndi manja ao, nalipira mwezi ndi mwezi, nalonda mawaya kuti mbala zingabe. Cinthu cimene anthu angocilandira osacikhetsera thukuta acicha ca boma kapena ca azungu, ndipo cikaonongeka palibe wocilira.

Fuwa laciwiri ndilo abwenzi a kunja kwa mudzi. Makina ndi okwera mtengo, ndipo palibe mudzi ungawagule wokha. Boma lipereka cilolezo ndi malamulo, masukulu a ukacenjede apereka nzeru, mabungwe apereka ndarama, ndipo amalonda abweretsa zipangizo. Paja akuru anati, Mutu umodzi susenza denga.

Fuwa lacitatu ndilo manja ophunzitsidwa, ndipo ili ndilo liiwalika kawirikawiri. M'midzi yambiri muli masola ogona pa madenga a masukulu ndi zipatala, amene anayaka caka cimodzi kapena ziwiri, kenaka nazima. Mwina batire linatha, mwina kawaya kamodzi kanaduka, mwina pfumbi linaphimba galasi. Bvuto lace linali laling'ono, koma wodziwa kulikonza anali kutali, ndipo abwenzi aja anali atabwerera kwao.

Kumene amisiri aphunzira

Cifukwa cace dziko lifuna amisiri a magetsi, anyamata ndi atsikana omwe. M'caka ca 1999 boma linakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liyang'anire maphunziro a nchito za manja, ndipo kuyambira m'caka ca 2015 linayamba kutsegula masukulu a umisiri m'maboma, kuti ana a kumidzi asayende ulendo wautali. Mu Lilongwe momwemo muli sukulu ya umisiri ya Lilongwe Technical College, ndi ina ya Don Bosco ku Area 23, kumene acinyamata aphunzira kulumikiza mawaya m'nyumba. Ofuna kuzama pa za mphamvu ya dzuwa, ya madzi ndi ya mphepo apita ku sukulu ya ukacenjede ya Mzuzu.

Ndipo musayese kuti nzeru zimenezi nza ophunzira kwambiri okha, iai. Amai ena a m'midzi ya Malawi, ena a iwo agogo osadziwa kuwerenga, anapita ku sukulu ya Barefoot College ku Tilonia m'dziko la India, nakhalako miyezi isanu ndi umodzi. Popeza sanali kumvana cilankhulo ndi aphunzitsi ao, anaphunzira poyang'ana mitundu ya mawaya ndi kutsanza ndi manja. Pobwera anadziwa kumanga ndi kukonza nyali za dzuwa m'midzi yao. Anasankha amai akuruakuru cifukwa mnyamata akaphunzira nchito athamangira kumzinda, koma agogo akhala pamudzi.

Nanga mphika wa nsima?

Tsono tibwerere ku Area 36, ndi kunena zoona. Sola yaing'ono ya padenga iyatsa nyali ndi wailesi ndi kupatsa moto lamya ya m'manja, koma siingathe kuphika nyemba. Makala adzacepa pokhapokha anthu atapeza njira zina za kuphikira, monga magetsi okwanira ndi osazimazima, kapena mpweya wa m'zitini zacitsulo wochedwa gasi, kapena mbaula zosamala nkhuni. Mwa mbaula zotere yodziwika ndiyo ya citetezo, youmbidwa ndi dothi la mtapo ndi kuochedwa monga mbiya. Iyo isunga moto pamodzi pansi pa mphika, nidya nkhuni zocepa kuposa mafuwa. M'caka ca 2013 boma linalonjeza kuti mbaula zosamala nkhuni zikwane 2 miliyoni pofika caka ca 2020, ndipo magulu a amai m'midzi anaphunzitsidwa kuziumba ndi kuzigulitsa. Taonani, apanso panali eni mudzi, abwenzi, ndi manja ophunzitsidwa.

Anthu a ku Area 36 mafuwa amenewa ali nao pafupi. Ali ndi mafumu ndi makomiti ao, ndi magulu a banki nkhonde amene asonkha ndarama sabata ndi sabata. Maofesi a boma ndi a mabungwe ali mu mzinda womwewo, ndipo masukulu a umisiri ali pa mtunda wofikika pa njinga. Akawaika pamodzi atatuwa, matumba a makala a pa mseu uja adzacepa, ndipo Dzalanyama adzapuma.

Inunso ana, muli nayo mbali yanu. Ngati pasukulu panu pali sola, pemphani aphunzitsi kuti muzipukuta pfumbi lace ndi nsaru yofewa ndi madzi oyera. Musagende galasi lace, ndipo musakhudze waya wa magetsi wogwa pansi, koma muuze akuru msanga, pakuti moto uwu, ungakhale ulibe utsi, ukhoza kupha munthu. Limbikirani masamu ndi kuwerenga, cifukwa mmisiri wa magetsi ayesa ndi kuwerengera tsiku ndi tsiku. Kapena tsiku lina nyali za mudzi wanu zidzazima, ndipo mfumu idzafunsa kuti, Tiitane yani? Zidzakoma ngati anthu adzachula dzina lanu.

Mafunso

1. Kodi thumba la makala logulidwa ku Area 36 licepetsa bwanji madzi a mu mtsinje wa Lilongwe?
2. Fotokozani ulendo wa madzi a Lichenya kuyambira m'ngalande kufikira abwerera mu mtsinje.
3. Chulani mafuwa atatu a moto wopanda utsi. Ndi liti limene liiwalika kawirikawiri?
4. Cifukwa ninji anasankha amai akuruakuru kuti apite ku India?
5. Kwanu kuli mtsinje wothamanga, kapena dzuwa lokha? Mukadafuna magetsi, mukadayamba kukambirana ndi yani?