Matope a ku Dzalanyama ndi nsomba za ku Mbenji

Ana inu, mudamvapo za chilumba cha Mbenji? Chili pa nyanja ya Malawi, m'boma la Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka chilumbachi mu Disembala kuti utaka ndi nsomba zina ziswane mwamtendere, ndipo asodzi amabwererako cha mu Epulo. Lamuloli ndi labwino zedi. Komatu pali mdani wina amene mfumu singamubweze padooko, poti sabwera pa bwato. Mdaniyo ndi matope.

Amachokera kuti? Tiyeni tikwere kumtunda. M'nkhalango ya Dzalanyama muli timitsinje ting'onoting'ono toti inu mutha kudumpha. Timeneti tikakumana timapanga mtsinje wa Lilongwe, Lilongwe amathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima, kum'mwera kwa Mbenji.

Mitengo ikakhalapo, mizu imagwira dothi, mvula imalowa pansi pang'onopang'ono, kasupe n'kumatulutsa madzi oyera ngakhale m'chilimwe. Anthu akadula mitengo kuotcha makala, kapena akalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa kamtsinje, mvula imakokolola dothi lonse. Ndiye chifukwa chake nthawi ya dzinja madzi a pamathiriro a Linthipe amafiira.

Nsomba zimavutika nawo matopewa. Mbuna zimadya ndere zomera pamiyala, ndipo matope akakwirira miyalayo chakudya chimasowa. Mpasa nawo umakwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala toyera. Timiyalato tikakwiririka, mazira amafa posowa mpweya. Zimandiwawa ndithu kuti nsomba ivutike chifukwa cha nkhwangwa yogwetsa mtengo kutali chonchi.

Kodi kamtsinje kali ndi lamulo lokateteza? Eya. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa ngati Dzalanyama popanda chilolezo. Lamulo la zamadzi la 2013 limaletsa kuipitsa madzi, ndipo lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti liziyang'anira mitsinje. Vuto ndi lakuti timitsinje n'tambirimbiri, oyang'anira sangafike paliponse.

Choncho funsani agogo dzina la kamtsinje ka kwanu ndi kumene kamathira. Musatayemo zinyalala, ndipo pemphani aphunzitsi kuti kalasi yanu ikadzale mitengo, nsungwi kapena udzu wa vetiva m'mbali mwake mvula ikayamba.