Njuci, Mabvu ndi Bemberezi: Yang'anani Cisa Musanatenge Moto

Akuru anati bemberezi adziwa nyumba yace. Inunso mlimi muyenera kudziwa nyumba ya kacirombo kali konse kokhala pa denga lanu, pakuti ambiri akangomva kulira pa khonde athamangira muuni wa udzu, ndipo ena atentha nkhokwe yodzala cimanga cifukwa ca kacisa kosaposa cikhato ca mwana. Kacirombo kouluka nkobvuta kukapenyetsetsa, koma cisa cace sicithawa. Imani patali, muciyang'ane.

Mukaona cisa cotuwa conga pepala, colenjekeka pa kaphesi kamodzi pansi pa phaso, zibowo zace zitaloza pansi, amenewo ndiwo mabvu. Thupi lao nlalitali, ciuno copyapyala ngati ulusi, ndipo pouluka miyendo irendewera. Cisaco amanga ndi mtengo wouma umene atafuna nausakaniza ndi malobvu. Uci mulibe. Mbola yao njosalala, cotero bvu limodzi likhoza kuluma kawiri katatu osafa. Koma ana ao awadyetsa mbozi, zomwe zija zikutha ndiwo zanu m'dimba. Cisa cikakhala kuseri kwa nkhokwe kumene sikupita ana, cisiyeni. Cikakhala pa khomo kapena m'cimbudzi, cicotseni usiku mabvu atazizidwa, cikali cacing'ono, mutabvala zophimba thupi lonse. Mabvu akuru a ku Ulaya, amene akuta cisa cao conse ngati mpira, kuno kulibe.

Timiphika ta dothi tomatidwa pa khoma nta mabvu ena okhala okhaokha. Mai aumba kacipinda, naikamo akangaude kapena mbozi zimene waziumitsa ndi mbola, naikira dzira, natseka. Awa saluma munthu kawirikawiri. Palani dothilo ngati likuipitsa khoma, basi.

Bemberezi ndiye wamkuru, wolira ngati ndege. Cizindikiro cace ndi cibowo cozungulira bwino m'phaso louma, ndi utuci pansi pace. Wamphongo, amene akonda kuzungulira pamaso panu, alibe mbola. Wamkazi ali nayo, koma aluma mukamgwira. Mlandu wace ngwa mitengo: akaboola caka ndi caka, phaso lifoka. Tsekani zibowo ndi kupaka mitengoyo penti kapena mafuta. Musamuphe m'munda, cifukwa anyamula mungu pa maluwa a nyemba.

Tsono njuci, zimene zifuna nzeru koposa zonse. Njuci njofiirira, yaubweya, yonenepa kuposa bvu, ndipo pobwera ku maluwa isenza mungu pa miyendo yakumbuyo. Mudzaziona m'njira ziwiri, ndipo muyenera kuzisiyanitsa. Zikaunjikana pa nthambi poyera ngati mtolo, ziri pa ulendo wofuna malo. Zilibe ana kapena uci woti ziteteze, ndipo kawirikawiri zicoka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Letsani ana kuponya miyala, muitane munthu wa ming'oma adzazitenge. Koma mukaona zikulowa ndi kutuluka pa kabowo kamodzi m'khoma, m'denga kapena m'mphako, dziwani kuti zakhazikika, ndipo mkatimo mukhoza kukhala njuci zikwi makumi angapo. Izi ndizo zimapha mbuzi yomangidwa pa cingwe ndi nkhuku za m'khola, pakuti zosowa kothawira. Cotsani ziweto pafupi, ndipo musalime ndi makina aphokoso pamenepo.

Ukali wa njuci za mu Africa udziwika kutali. M'caka ca 1956 zina zinatengedwa kunka ku Brazil, mu 1957 zinapulumuka, ndipo pofika 1990 zidzukulu zace zinali zitalowa m'Texas. Komabe njuci zomwezi ndizo zipatsa ndalama anthu a ku Kabompo ndi Mwinilunga, amene apacika ming'oma ya makungwa m'nkhalango nagulitsa uci ndi sera. Kutentha njuci ndiko kutentha cuma.

Njuci ikaluma munthu isiya mbola m'khungu, nifa. Palani mbolayo msanga ndi cikhadabo, cifukwa ipitiriza kuthira ululu, ndipo pfungo lace liitana zinzace. Zikakuthamangitsani, phimbani nkhope, thawirani m'nyumba. Musadziponye m'madzi, pakuti zidikira pamwamba. Kutupa pa malo olumidwa nkwa masiku onse, ikanipo nsaru ya madzi ozizira. Koma munthu akatupa milomo kapena pakhosi, akayamba kupuma mobvutika kapena kucita cizungulire, ngakhale yamluma imodzi yokha, mtengereni ku cipatala nthawi yomweyo. Citani comweco ndi mwana wolumidwa ndi njuci zambiri.

Tinjuci tating'ono takuda tolowa pa kamlomo ka phula m'khoma kapena m'nthaka, monga mpasi, tiribe mbola. Uci wace ngwocepa, wowawasa pang'ono, ndipo mukakumba cisa conse simudzaupezanso pamenepo caka camawa.