MASAMBA A CINANAZI ASANDUKA NSARU

Mlimi akathyola cinanazi, masamba ace amangowasiya m'munda kuti aole, kapena amawatentha. Komatu m'masamba amenewo muli ulusi wautali ndi wolimba, wonga wa khonje, ndipo anthu a m'dziko la Philippines akhala akuomba nao nsaru zopyapyala kuyambira kale.

Mai Carmen Hijosa a ku Spain anapita ku Philippines m'zaka za m'ma 1990 kukalangiza osoka zinthu za cikopa. Kumeneko anaona kuti mankhwala ofufutira zikopa ali kuononga madzi ndi kudwalitsa anchito. Anafunitsitsa kupeza cina colowa m'malo mwa cikopa, tsono anabwerera kusukulu ali munthu wamkulu kale, ku Royal College of Art mu London. Mu 2014 anaonetsa nsaru yao yochedwa Piñatex.

Nzeru yao yagona apa: nsaruyi siilanda munda wa cakudya. Siifuna madzi ena kapena fetereza wina, pakuti masamba amakhalapo kale zipatso zitakololedwa. Alimi, ogwirizana m'magulu, anali kutola masambawo ndi kuwapala ndi makina mpaka ulusi utatsala woyera. Ulusiwo anali kuutsuka, kuuyanika padzuwa, ndi kuupanikiza kuti ugwirane wosaomba. Pamenepo unali kutumizidwa ku Ulaya kukaukometsa kuti uoneke ngati cikopa. Masamba ngati 480, ndiwo a mbeu 16, amapanga nsaru ya mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Zotsala za masamba zinali kubwerera kumunda monga manyowa.

Kampani ya Hugo Boss inagulitsa nsapato za nsaru imeneyi mu 2018.

Cilema cinalipo ndithu. Kuti nsaruyo isalowe madzi anaipaka utomoni wina wocokera ku mafuta a pansi, cotero nsapato ikatha siiola yonse m'dothi ai. Nchito ya Mai Hijosa inafika pakati, osati pamapeto.

Kuno ku Zambia zinanazi zimabala kwambiri ku Mwinilunga ndi ku Ikelenge, ndipo masamba ace ali ndi ulusi womwewo. Cobvuta ndi makina opalira, amene banja limodzi silingagule palokha, ndiponso wogula ulusi ayenera kupezeka anthu asanayambe kutola masamba.